Kompyuta ikamadya bandulo mwakachetechete

Intaneti ikayamba kuchedwa pa kompyuta, anthu ambiri amathamangira kudzudzula kampani ya netiweki, komatu nthawi zina chotsekereza njira chimakhala m'makina momwemo. Windows, yomwe ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa mapulogalamu ena onse pa makompyuta ambiri, inapangidwa kuti izidzitengera yokha ma update, amene ndi mafayilo omwe kampani ya Microsoft imatumiza pofuna kukonza zolakwika ndi kutseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Ambiri mwa mafayilowa amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo ena amaposa gigabayiti imodzi, kotero kuti amene walumikiza kompyuta kudzera pa foni amangoona masamba akukanika kutseguka uku bandulo ikutha.

Pofufuza vutoli, ndi bwino kuyamba ndi Task Manager, chida chimene chimatseguka podina mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, ndipo chimasonyeza pulogalamu imene ikukoka intaneti kwambiri. Ngati palibe imene ikukoka, m'pamene mwini kompyuta angayese netiweki yomweyo pa chipangizo china, kuzimitsa ndi kuyatsanso rauta, kapena kusendera pafupi nayo popeza makoma amafooketsa Wi-Fi.

Akapeza kuti wolakwa ndi Windows, ali ndi njira zingapo zoiwongolera. Yoyamba ndi kuyatsa metered connection, chizindikiro chouza kompyuta kuti intaneti ya pa netiwekiyo ndi yowerengera, ndipo ikatero imasiya kutenga ma update ambiri kupatula ofunika kwambiri. Yachiwiri ndi kuletsa Delivery Optimization kugawana mafayilo, chifukwa ndondomekoyi imatha kutumiza zidutswa za ma update ku makompyuta ena, zimenenso zimadya intaneti. Yachitatu ndi kuimitsa ma update onse kwa kanthawi, zomwe Windows imalola kwa masiku 35, kenako imafuna kuti otsalawo alowe.

Ena amafunafuna njira yozimitsiratu ma update, koma zimene zinachitika mu May 2017 zikusonyeza kuopsa kwake. Pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo a makompyuta m'maiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku Britain, n'kumafuna dipo kuti iwatsegule, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpata umene pulogalamuyi inalowerapo mu March chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi omwe anali asanachilowetse.

Choncho nzeru yagona pa kusankha nthawi, osati pa kukana. Wogwiritsa ntchito bandulo angapatule tsiku limodzi pamwezi, pamene ali pa Wi-Fi yopanda malire kapena wagula bandulo ya usiku, n'kulola kompyuta itenge zonse zimene ikudikira. Koma amene akadali pa Windows 10 ayenera kudziwa kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo kwa iwo funso lalikulu tsopano ndi losamukira ku Windows 11 kapena ku pulogalamu ina monga Linux.