Ndalama za Boma N'zayani, Nanga Akufuna Kwabwino Ndani?

Pa maphunziro a zilankhulo timauzidwa kuti ntchito ya mawu ndi kutchula zinthu. Koma mawu omwewo amathanso kuzibisa, ndipo palibe pamene amabisa kwambiri kuposa pa nkhani ya ndalama ndi ndale. M'chimangirizo chino ndikufuna kuunika mawu atatu amene timawamva tsiku ndi tsiku kwathu ku Matope, m'boma la Neno, monganso m'madera ena onse a dziko lino. Mawuwa ndi "ndalama za boma", "akufuna kwabwino" ndi "bwana watithandiza". Maganizo anga ndi akuti mawu atatuwa amatchula ndalama imodzimodzi pa malo atatu a ulendo wake, ndipo bola tikuwagwiritsa ntchito osawafunsa, ndalamayo ipitiriza kutuluka m'matumba mwathu ngati msonkho n'kubwerera kwa ife ngati mphatso.

Tiyambe ndi liwu loti boma. Ena amati ndi chidule cha mawu a Chingerezi, koma akatswiri a zilankhulo amati linachokera ku Chiswahili, komwe limatanthauza mpanda kapena linga. Atsamunda atafika, malo awo okhala ndi mpanda ndiwo ankatchedwa boma. Matope anawaona msanga alendowa chifukwa panali doko: katundu wochokera ku Blantyre ankasenzedwa pamutu kudzafika pano, pamwamba pa mathithi a Shire, kenaka n'kukwezedwa m'sitima zopita kunyanja. M'zaka za m'ma 1890, mu ulamuliro wa Harry Johnston, boma la mumpandalo linayamba kutolera msonkho wa nyumba. Makolo athu sanafunsidwe, ndipo sankauzidwa kumene ndalamazo zinkapita. Sizodabwitsa kuti kwa iwo chinthu cha boma chinali cha anthu ena. Chodabwitsa n'chakuti patatha zaka zoposa 60 tikudzilamulira, tikamati "n'za boma izi" timatanthauzabe kuti n'zopanda mwini. Munthu akaba mbuzi ya mnzake mudzi wonse umadzuka, koma akaba mankhwala kapena simenti ya boma ena amangoti wachenjera.

Komatu liwu loti msonkho likunena zina. Tsinde lake ndi kusonkha, monga tisonkhera pa maliro, pa chinkhoswe kapena pokonzetsa mjigo. Osonkha ndife. Mayi wogulitsa tomato pa Zalewa amadula chiphaso cha msika. Mnyamata wogula mayunitsi a foni, thumba la simenti kapena mabatire a tochi amalipira msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri unali pa 16.5 peresenti, ngakhale iye sanalembedwepo ntchito. Chitsegulireni zipata zolipiritsa pa Chingeni m'chaka cha 2021, aliyense wokwera minibasi yodutsa pamenepo amalipirako kudzera mu mtengo wa ulendo. Ngakhale ngongole zimene boma limatenga kunja ndi m'mabanki a m'dziko muno, odzabweza ndife ndi ana athu. Choncho dzina loona la ndalamazi ndi ndalama zosonkha.

Zimene zimachitika eni ake akaiwala kuti ndi eni tinaziona m'chaka cha 2013. Pa 13 Sepitembala chaka chimenecho Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pakhomo pake ku Lilongwe. Masabata otsatira apolisi anayamba kupeza mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, ena a iwo a maudindo ang'onoang'ono. Njira yake inali yosavuta: ankalowa m'makina olipirira a boma otchedwa IFMIS, kulemba macheke opita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenaka n'kufufuta umboni. Kampani yowerengera ndalama ya Baker Tilly inapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inapita motere m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala. Maiko othandiza, amene nthawi imeneyo ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo lawo lolowa mwachindunji m'thumba la boma, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala ndi ana a sukulu.

Monga wophunzira malamulo a chiyankhulo, ndimachita chidwi ndi momwe nkhani zotere zimalankhulidwira. Timamva kuti ndalama "zasowa", "zasokonekera" kapena "zaonongeka". Kusukulu tinaphunzira za msintho wa mneni wochitidwa m'chibisira, umene umanena zimene zachitika popanda kulola kuti wochitayo atchulidwe. Tikati mbale yasweka, palibe amene wapalamula. Koma ndalama siyenda yokha. Pali dzanja limene linasaina ndiponso thumba limene inakalowa.

Thumba limodzi lotere ndi la zipani za ndale, ndipo apa ndi pamene pakubwera mawu achiwiri aja. Mukafunsa chipani chilichonse kumene chapeza ndalama zogulira magalimoto, nsalu ndi malaya a kampeni, yankho limakhala lomwelo: tathandizidwa ndi akufuna kwabwino. Mawuwa satchula dzina, satchula kuchuluka kwa ndalama, ndiponso sanena kuti kwabwinoko akukufunira yani. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi nkhaniyi inali yankhanza koma yoonekera: munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani cha MCP, ndipo midzi inkakakamizidwa kusonkha mphatso za mtsogoleri. Chibwerereni ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1994, kukakamizako kunatha, koma gwero la ndalama linalowa m'chibisira.

Nthawi zochepa chabe ndi pamene chinsalu chinakanganuka. Oswald Lutepo, wamalonda yemwe analinso ndi udindo m'chipani cha People's Party, anagamulidwa m'chaka cha 2015 kukakhala kundende zaka 11 pa mlandu wokhudza K4.2 biliyoni ya Cashgate. Iye ananena kuti ankangogwiritsidwa ntchito ndi akuluakulu andale, zimene Mayi Joyce Banda anakana. Mu Julaye 2017 chipani cha DPP chinachita phwando lopezera ndalama lotchedwa Blue Night ku Kamuzu Palace, ndipo zinadziwika kuti makhonsolo ndi makampani ena a boma anaperekako ndalama, mpaka mabungwe omenyera ufulu anakasuma kukhoti. Mu 2018 lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB linaulula kuti kampani ya Pioneer Investments, imene inapatsidwa kontirakiti yogulitsa zakudya ku polisi, inaika K145 miliyoni mu akaunti ya DPP m'chaka cha 2016, itangolandira malipiro kuchokera ku boma. Bungwe la ACB linati mtsogoleri wa dziko sanapindulepo payekha, ndipo chipanicho chinalengeza kuti chibweza ndalamazo. Sindikutchula zipanizi chifukwa ndi zokhazo zodetsedwa. Ndazitchula chifukwa nkhani zake zinafika poyera. Chipani chilichonse chimene chalamulirapo dziko lino, kuphatikizapo UDF ndi MCP, chakhala chikuyankha ndi mawu omwewa a akufuna kwabwino.

Wamalonda sapereka mamiliyoni chifukwa chokonda mtundu wa nsalu ya chipani. Amadzala kuti adzakolole. Akapambana amene anawathandiza, iye amapatsidwa kontirakiti, mtengo wa katundu umakwezedwa, ndipo kusiyana kwake timalipira ndife. Gawo la phindulo limabwereranso kuchipani kukonzekera chisankho china.

Kuchokera kuchipani ndalama ija imatsikira kumudzi, kumene imalandiridwa ndi mawu achitatu: bwana watithandiza. Pano mneni amalowa mu msintho womchitira. Phungu watimangira mlatho, watigulira bokosi la maliro, watikumbira mjigo. Kamphatikiram'tsogolo aka ka -ir- kapena -er- kamasandutsa mwini ndalama kukhala wopemphetsa, wantchito wake n'kukhala wachifundo. Chitsanzo chabwino ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, limene linakhazikitsidwa mu 2006. Pofika 2022 linali pa K100 miliyoni dera lililonse, ndipo mu 2024 linafika pa K200 miliyoni. Tambala iliyonse ya thumbali ndi yochokera mu bajeti ya dziko, koma kwa zaka zambiri anthu akhala akuvinira aphungu ngati kuti atapa m'thumba mwawo. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa nawo thumbali, popeza ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama. Munthu sangakhale wosunga nkhokwe n'kukhalanso wowerengera matumba.

Kuzungulira kwa ndalama kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo ife a ku Neno tikuudziwa. Boma lathu linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, koma linatha zaka zoposa 15 likulu lake lisanalumikizidwe ndi msewu wa phula, ngakhale kuti lonjezo la msewuwo linkamveka pa chisankho chilichonse. Mbatatesi ndi manachesi a kumapiri zinkavutika kufika kumsika nthawi ya dzinja. Magetsi a ku Nkula ndi Tedzani amapangidwa pa Shire yemweyu, kumunsi kwa Matope, koma nyumba zambiri za m'midzi yathu zimaunikirabe tochi. Chipatala chachikulu cha boma lino ndi cha ku Lisungwi zinamangidwa mothandizidwa ndi bungwe lakunja la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene linafika mu 2007. Sindikunena kuti kusowa kulikonse kwadza ndi kuba. Ndikunena kuti dera limene limayamika nsalu ndi ndalama yogulira sopo silikhala ndi mphamvu yofunsa za msewu, chifukwa wolandira mphatso safunsa mtengo.

Alipo amene angatsutse maganizo angawa, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Choyamba, amati ndale zimafuna ndalama. N'zoona. Kafukufuku wa Michael Wahman, amene anafalitsidwa ndi bungwe la Westminster Foundation for Democracy, anapeza kuti pa chisankho cha 2019 wopikisana pa mpando wa uphungu ankagwiritsa ntchito pafupifupi K15 miliyoni, ndalama yoposa malipiro a phungu a chaka chonse pa nthawiyo. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa maganizo anga. Ngati mpando uli wodula chotere, ndiye kuti mphunzitsi, mlimi kapena mayi wanzeru koma wopanda chuma sangaupikisane, ndipo wopambanayo amalowa m'Nyumba ya Malamulo ali ndi ngongole kwa anthu amene ife sitikuwadziwa. Chachiwiri, amati munthu wosauka asanyozedwe polandira, pakuti mwina ndi chokhacho chimene adzaone m'zaka zisanu. Inenso sindimunyoza. Njala ilibe manyazi, ndipo amene wagona ndi njala sungamuphunzitse za bajeti. Chimene ndikukana ndi dzina limene timapatsa ndalamayo. Alandire ngati wafuna, koma adziwe kuti walandira chenji cha ndalama yake yomwe. Chachitatu, amati opereka akatchulidwa maina adzazunzidwa chipani chawo chikagonja. Mantha amenewa ndi enieni m'dziko limene makontirakiti amatsata mtundu wa nsalu. Komabe mankhwala ake ndi kukonza kaperekedwe ka makontirakiti, osati kuwonjezera mdima.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo tili nawo. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma lizipereka ndalama ku chipani chimene chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi pa chisankho cha aphungu, kutanthauza kuti zipani zikuluzikulu zimadya kale msonkho wathu mwalamulo. Lamulo la zipani la 2018 limati mphatso yoyambira K1 miliyoni yochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni yochokera ku kampani kapena bungwe, iululidwe kwa mlembi wa zipani, ndipo limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Koma mlembi wokhazikika wa zipani anasankhidwa mu 2024, patatha zaka zoposa zisanu lamulolo litayamba kugwira ntchito. Izi zikusonyeza kuti amene amapindula ndi chibisira safulumira kuyatsa nyali, pokhapokha eni ndalama atawakakamiza.

Ena amati kuulula opereka ndi mwambo wachilendo. Ine ndikuti ndi mwambo wathu weniweni. Pa maliro kwathu, mwambo usanathe, munthu amaimirira ndi kope n'kuwerenga chipepeso: mudzi wakuti ufa malichero angapo, mpingo wakuti ndalama zakuti, akuchikamwini nkhuku. Kenaka amanena zimene zagulidwa ndi zimene zatsala. Kutchalitchi msungichuma amawerenga chopereka pamaso pa onse. Ku banki m'khonde bokosi limatsegulidwa mamembala onse akuona, ndipo makiyi amasungidwa ndi anthu osiyana. Palibe amene amati kutero n'kunyoza wopereka. Ngati timafuna dzina ndi nambala pa lichero la ufa, tilekerenji kuzifuna pa mabiliyoni?

Pomaliza, ndikupempha ife ophunzira zilankhulo, amene mawa tidzakhala aphunzitsi, atolankhani, omasulira ndi olemba mabuku, kuti tiyambe ndi chida chimene tili nacho. Polemba nkhani tizinena kuti ndalama za msonkho wa anthu, osati za boma chabe. Tikamva kuti zasokonekera, tizibweza chiganizocho kuti chikhale ndi mwininkhani: wazisokoneza ndani? Phungu akatsegulira chipinda chophunziriramo, tizilemba thumba limene ndalamazo zachokera ndi kuchuluka kwake. Ndipo chipani chikati chathandizidwa ndi akufuna kwabwino, tiziyankha mwaulemu monga tichitira pa siwa: zikomo, tsopano tiwerengereni maina.