Bwalo la malonda la ku Milange lisamalidwe

Pamene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire m'chaka cha 1891, nasandutsa mtsinje wa Muloza kukhala mpanda pakati pa maiko awiri, sanafunse anthu a patsinde pa phiri la Tumbine ndi abale awo a ku Mulanje, amene kuyambira kale anali kukwatirana, kulirana maliro ndi kusinthana mbewu. Ndipo anthuwo, pokhala sanafunsidwe, sanaleke kuoloka. Feira da Amizade, bwalo lalikulu la malonda m'tauni ya Milange ku Mozambique, ndi mwana wa kuyenderana kumeneku.

Akuluakulu akukumbuka tsiku la msauko. M'chaka cha 1986 nkhondo ya pachiweniweni inalowa m'tauni, minda ya tiyi inasanduka thengo, ndipo anthu miyandamiyanda anathawira tsidya lija ku Malawi, kumene Alomwe ndi Amang'anja anzawo anawapatsa pogona ndi pogwira khasu kufikira mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Kupatsa n'kuika. Njala itagwa m'Malawi mu 2002 ndi mu 2005, chimanga chochuluka chimene chinapulumutsa mabanja a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre chinachokera m'minda ya ku Milange, matumba atamangidwa panjinga zakapalasa, anyamata nazikankha thukuta lili kamukamu mpaka pamsika wa Limbuli. Panalibe nduna imene inalamula zimenezo. Msika ndiwo unatsegula njira, kumene kwacha ndi metikali zimalandiridwa m'dzanja limodzi.

Tsono ine ndikuti malo otere sayenera kuyesedwa pongotolera msonkho basi. Mlimi amene wadzuka tambala woyamba, nasenza nandolo, nyemba kapena chimanga kuchokera kutali, afunika kupeza sikelo yoona imene venda sangaikhotetse, pakuti muyeso wonyenga unyansa Mulungu ndi anthu omwe. Afunikanso madzi akumwa, zimbudzi zaukhondo, ndi denga loti dzinthu zake zisanyowe mvula ikagwa, poti kuno imagwa mosanyengerera.

Koma chimene mtima wanga ukhumba koposa ndi chionetsero cha zaulimi chaka ndi chaka, kukolola kukatha. Maputo ali ndi chionetsero cha FACIM, Blantyre ali ndi bwalo la ku Chichiri, koma mayi wolima nandolo kuseri kwa Tumbine sadzafikako konse, ngakhale msewu wa ku Mocuba unathiridwa phula. Pabwalo lake lomwe ndi pamene angaone mbewu yopirira chilala, nafunsa mlangizi maso ndi maso, namva mtengo weniweni asanagulitse. Ana a sukulu nawonso angaone kuti khasu silinyozetsa munthu.

Inu a khonsolo ya Milange, ndi inu mafumu a mbali zonse ziwiri za Muloza, khalani pansi mukambirane, ndipo chionetserocho chiyambe dzinthu za chaka chino zikalowa m'nkhokwe.