Ulangizi wa misonkho: ntchito yomwe ikudikira achinyamata m'madera a fodya

KASUNGU, Mana: Chaka ndi chaka sukulu za ukachenjede m'dziko muno zimatulutsa achinyamata omwe aphunzira za kawerengedwe ka chuma, ndipo ambiri mwa iwo amathera m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe komwe amayenda ofesi ndi ofesi atanyamula makalata ofunsira ntchito. Pomwe zinthu zili chonchi, m'madera olima fodya monga kwa Mfumu Chulu m'boma la Kasungu, eni maesiteti, makopaletivi ndi amalonda alibe wowaunikira pafupi pa nkhani za misonkho.

Nkhaniyi ikukhudza thumba la boma. Bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo linayamba ntchito zake m'chaka cha 2000. Udindo wake unakula kwambiri m'chaka cha 2013 pomwe maiko ndi mabungwe othandiza dziko lino anaimitsa thandizo lopita ku ndondomeko ya zachuma kutsatira kubedwa kwa ndalama za boma, nkhani yomwe imadziwika kuti Cashgate. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akukamba za dziko lodzidalira, ndipo kudzidalirako sikungatheke ngati okhoma msonkho akhala omwewo ochepa a m'tauni.

M'zaka zonsezi malamulo a misonkho akhala akusintha. M'chaka cha 2005 msonkho wa VAT unalowa m'malo mwa surtax. M'chaka cha 2014 MRA inabweretsa makina a EFD otulutsa malisiti m'masitolo. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Tax Administration Act komanso lina lokhazikitsa bwalo lomva madandaulo a okhoma msonkho la Revenue Appeals Tribunal. Kulembetsa ndi kupereka malipoti tsopano kumachitika pa intaneti kudzera mu Msonkho Online, ndipo kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Kusintha kulikonse kotere kumafuna munthu woti amasulire lamulo kwa wamalonda yemwe alibe nthawi yowerenga zikalata za boma.

Makampani akuluakulu owerengera chuma monga Deloitte ndi Grant Thornton ali m'mizinda, ndipo makasitomala awo ndi mabanki, mafakitale ndi mabungwe akuluakulu. Mwini esiteti ya mahekitala makumi angapo kwa Chulu sangakwanitse mitengo yawo. Apa ndi pomwe pali danga la wachinyamata wongoyamba kumene.

Fodya ndi mbewu yomwe ndalama zake sizibisika. Mlimi amalembetsa ku bungwe la Tobacco Commission, amagulitsa mabelo ake ku msika wa Chinkhoma m'boma lomweli kapena ku Kanengo, ndipo ndalama zimadzera ku banki. M'chaka cha 2024 dziko lino linagulitsa makilogalamu pafupifupi 133 miliyoni omwe anabweretsa ndalama zoposera 390 miliyoni za ku America. Kuyambira 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, zomwe zikutanthauza kuti pa chikalata chomwe mlimi amalandira akagulitsa pamakhala mndandanda wa ndalama zodulidwa: ngongole ya feteleza ndi mbewu, mtengo wonyamulira mabelo, ndalama za mabungwe, komanso msonkho wodulidwiratu wa withholding tax.

Msonkho wodulidwiratuwu, womwe pa fodya unali 7 peresenti kale usanatsitsidwe kufika pa 3 peresenti, ndi womwe alimi ambiri saumvetsa. Kupatula pomwe lamulo lanena kuti zodulidwazo ndi zotsiriza, ndalamayi imakhala ngati chikole chomwe chimachotsedwa pa msonkho weniweni wa pachaka. Mwachitsanzo, mlimi yemwe wagulitsa fodya wa K20 miliyoni n'kudulidwa 3 peresenti wasiya K600,000 m'manja mwa boma. Ngati chaka chimenecho sanapindule chifukwa cha ng'amba kapena kukwera mtengo kwa feteleza, ali ndi ufulu wopempha kuti ndalamayo iwerengedwenso. Koma izi zimatheka pokhapokha ngati ali ndi nambala ya wokhoma msonkho ya TPIN, anasunga malisiti a zonse zomwe anagula, ndipo anapereka lipoti lake la pachaka m'nthawi yake. Mlimi wopanda mabuku amaluza ndalama yake, ndipo boma nalo limakhala losadziwa phindu lenileni la ulimi wake.

Chinthu china chomwe chasintha kayendetsedwe ka maesiteti ndi kuthetsedwa kwa ulimi wa matenanti kudzera mu kusintha kwa lamulo la za ntchito m'chaka cha 2021. Kale mwini munda ankangolemba m'kope chimanga ndi ndalama zomwe wabwereketsa tenanti, n'kudzawerengerana naye fodya akagulitsidwa. Lamulo tsopano likufuna kuti wogwira ntchito azilandira malipiro. Malipiro amabwera ndi mndandanda wa olandira, msonkho wa PAYE womwe umayenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndalama za penshoni zomwe bwana amasonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, komanso 1 peresenti yopita ku maphunziro a ntchito zamanja a TEVET. Antchito ambiri a m'minda amalandira ndalama zosafika pa mlingo wodulidwa PAYE, komabe mwini esiteti amayenera kukhala ndi mabuku otsimikizira zimenezo.

Si fodya yekha. Makopaletivi a soya ndi mtedza, ogulitsa zipangizo zaulimi, eni zigayo, ndi makontirakitala ang'onoang'ono omwe amafuna ntchito zomanga midadada ya sukulu ku khonsolo ya Kasungu, onsewa amafunsidwa TPIN komanso chiphaso chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho.

Komabe kupezeka kwa ntchito sikutanthauza kuti aliyense wonyamula digiri akhoza kutsegula ofesi mawa lomwe. Maphunziro a ku Malawi University of Business and Applied Sciences, yomwe inali Polytechnic mpaka 2021, kapena ku Malawi College of Accountancy, amapereka maziko chabe. Lamulo la 2013 loyang'anira akatswiri owerengera chuma linapereka udindo kwa mabungwe a Institute of Chartered Accountants in Malawi ndi Malawi Accountants Board woonetsetsa kuti ogwira ntchitoyi ndi oyenera. Wachinyamata wofuna kudalirika ayenera kupitiriza mayeso a ukatswiri a ICAM kapena ACCA ndi kulembetsa umembala.

Chachiwiri ndi kugwira ntchito zaka zoyambirira pansi pa munthu wodziwa. Izi zikhoza kukhala ku kampani yowerengera chuma, ku ofesi ya zachuma ya kampani yogula fodya, ku MRA, kapena kudzera mu ndondomeko ya boma yophunzitsa ntchito omaliza maphunziro yomwe inayamba m'chaka cha 2018. Kumeneko ndi komwe munthu amaphunzira zomwe sizilembedwa pa bolodi: kuyankha kalata yochokera ku MRA, kukonzekera kafukufuku wa mabuku, kulemba dandaulo lotsutsa msonkho womwe wawerengedwa molakwika, ndi kusunga masiku. Lipoti la VAT limafunika pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo kuchedwa kumadzetsa chindapusa chomwe amalipira ndi kasitomala. Mlangizi ayeneranso kutsatira ndondomeko ya zachuma iliyonse yomwe nduna yapereka ku Nyumba ya Malamulo, popeza milingo ya misonkho imasintha pafupipafupi.

Wobwerera kumudzi akumana ndi zovuta zake. Ndalama kwa Chulu zimayenda ndi nyengo: zimachuluka msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, n'kuyamba kusowa pomwe alimi akufesa nazale. Mlangizi wanzeru amagwirizana ndi makasitomala ake mtengo wa chaka chonse, ndipo amasakaniza alimi ndi amalonda omwe amagulitsa miyezi yonse. Magetsi ndi intaneti nazo sizodalirika m'madera ambiri akumidzi, pomwe ntchito yonse tsopano imafuna kompyuta. Wongoyamba kumene angachite bwino kukhala ndi malo pa Kasungu boma n'kumayendera makalabu ndi makopaletivi pa masiku oikika.

Vuto lalikulu ndi chikhulupiriro. Mawu akuti msonkho ali ndi mbiri yowawa m'midzi, kuyambira pa msonkho wa nyumba wa nthawi ya atsamunda womwe unkakakamiza amuna kupita kukagwira ntchito kutali. Mnyamata wofunsa za malisiti ndi mabuku a ku banki akhoza kuganiziridwa kuti ndi kazitape wa boma. Ena amabwera kwa mlangizi poganiza kuti ntchito yake ndi kubisa ndalama. Kuthandiza munthu kulipira zokhazo zomwe lamulo likufuna ndi ntchito yovomerezeka, pomwe kulemba malisiti abodza kapena kupereka kangachepe kwa wogwira ntchito m'boma ndi mlandu womwe ungathetse ntchito ya wachinyamata isanayambe n'komwe. M'dera lomwe aliyense amadziwana ndi mnzake, mbiri ya kukhulupirika imatenga nyengo zingapo za fodya kuti imangike. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ogwira ntchito m'boma ali ndi gawo lawo pa nkhaniyi. Pomwe palibe alangizi ovomerezeka pamadzaza madobadoba, omwe amalipiritsa anthu pa zinthu zaulere monga kutenga TPIN, ndipo amaipitsa dzina la maofesi a boma. Akuluakulu a zamalonda ndi a zaulimi pa khonsolo, omwe amakumana ndi makopaletivi tsiku ndi tsiku, akhoza kulimbikitsa magulu angapo kuti asonkherane n'kulemba mlangizi mmodzi wodziwa ntchito. Misonkhano yophunzitsa anthu za misonkho ikhoza kuchitika msika wa fodya usanatsegulidwe, alimi asanataye malisiti a feteleza. Sukulu za ukachenjede nazo zikhoza kutumiza ophunzira kukaphunzira ntchito m'makopaletivi, osati m'makampani a m'tauni okha.

Mlimi yemwe mabuku ake ali m'malo amapeza ngongole ku banki mosavuta, amatha kupikisana nawo pa ntchito za boma, ndipo amalipira msonkho wolingana ndi phindu lake. Boma limapeza wokhoma msonkho watsopano popanda kutumiza galimoto kukamusaka. Kwa wachinyamata yemwe wakhala zaka ziwiri akudikira kuitanidwa ku Blantyre, makasitomala khumi oyamba a kwa Chulu akhoza kukhala chiyambi cha ofesi yakeyake, malinga ngati wayamba waphunzira ntchitoyo mokwanira.