Mlendo wosasala m'nyumba yosala

Mabungwe otumiza achinyamata odzipereka, monga Peace Corps imene inafika ku Malawi mu 1963, amakhulupirira kuti mlendo amadziwa anthu msanga akamagona m'nyumba ya eni mudzi. Ku Nkhotakota, komwe Chisilamu chinakhazikika kuyambira masiku a Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, maganizo amenewa amayesedwa mwezi wa Ramadani ukaoneka.

Phindu lake silobisika. Kugombe kuno kumadzaza anthu obwera: asodzi otsata usipa kuchokera ku Nkhata Bay, Likoma ndi Mangochi, odula nzimbe ku Dwangwa, komanso mabanja onga aja anathawira m'misasa madzi atasefukira kumayambiriro kwa 2024, Ramadani itayandikira. Wofuna kuthandiza anthu otere ayenera kudziwa mmene tsiku lawo limayendera. Amene wadzukapo m'bandakucha kudya daku ndi banja sangaitanitse msonkhano dzuwa lili paliwombo. Amadziwa kuti msodzi wa chilimira wachezera kukoka khoka ndipo sadzalawa ngakhale madzi mpaka dzuwa litalowa. Amadziwanso kuti nkhani ya wodwala amene akuzengereza kumwa mankhwala masana imatheka bwino ashehe akalankhulapo, poti chipembedzocho chimalola wodwala kudzabweza masiku ake pambuyo. Wogona kuloji sangazione zimenezi.

Koma mtolo wake amasenza ndani? Amayi a m'nyumbamo. Iwo ali pa swaumu, kusala kwa Ramadani, kukhosi kwauma, komabe mwambo wathu suwalola kuona mlendo akuswera ndi njala. Amasonkha moto masana, kuphika kondowole amene iwo sadya, kenako madzulo n'kuyambanso za futari, chakudya chomasulira kusala. Ramadani imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo mu 2025 ndi 2026 inagwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, mpunga usanakololedwe, nkhokwe zili pululu. Pokambirana zolandira mlendo, kawirikawiri amene amafunsidwa ndi abambo kapena amfumu. Ndani angakane pamaso pa amfumu?

Palinso alendo amene amasala nawo kuti adzakhale ndi chojambula cha pa Facebook. Zimandipweteka, chifukwa kwa eni nyumba kusala ndi pemphero.

Ine ndikuti mlendo akhale ndithu m'banjamo. Nkhotakota inazolowera kale zotere: mishoni ya Anglican ilipo kuyambira m'ma 1890, ndipo si zachilendo kuti Mkhristu ndi Msilamu akhale a mimba imodzi. Chofunika n'chakuti bungwe likambirane ndi amayiwo paokha, ndipo ndalama ya chakudya ifike m'manja mwawo. Mlendoyo azidziphikira yekha chamasana n'kudyera poduka mphepo. Madzulo, adhana ya magharibi, yoitanira ku pemphero la dzuwa litalowa, ikayandikira, apemphe kuperekeza ana a m'nyumbamo kugombe ndi mbale ya futari, kwa asodzi obwera amene mabanja awo ali kutali.