Kukhuta n'kwina, kumanga thupi n'kwina: tiyeni tiwerenge nyemba za ku bodingi

 Pepani ndakhala chete kwa milungu ingapo, ndinatanganidwa ndi kuchonga mayeso a pakati pa teremu. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha kuti muiwerenge mpaka kumapeto ngakhale muli masamu pang'ono.

Sabata yatha inali nthawi yanga yoyang'anira ophunzira. Lachitatu masana ndinaima pakhomo la chipinda chodyera, ndipo anadutsa mnyamata wina wa Fomu 3, wamtali koma woonda, atanyamula mbale yake. Nsima inali mitanda itatu ikuluikulu. Ndinamuimitsa n'kuyang'ana mbale ya ndiwo. Ndinaziwerenga nyembazo, sizinafike 40, zikungosambira mumsuzi. Nditamufunsa ngati zimamukwana, anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zilibe kanthu, bola takhuta."

Yankho limeneli landipweteka, chifukwa mnyamata ameneyu ndimamuphunzitsa Bayoloje ndipo pa mutu wa zakudya anakhoza bwino kwambiri. Amadziwa kutchula magulu asanu ndi limodzi a zakudya osalakwitsa. Koma zimene analemba pa pepala sizinafike m'mbale mwake. Ndipo sindingamunene yekha. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongothandiza kuti nsima itsike. Maganizo anga ndi akuti m'sukulu zathu zogonera komanso m'makomo mwathu timawerenga matumba a chimanga mosamala, koma ndiwo sitiwerenga, pamene ndiwozo ndi zimene zimachititsa kuti nsimayo imange thupi.

Ndiloleni ndibwereze phunziro la m'kalasi mwachidule. Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid, ndipo tilipo ta mitundu 20. Mwa timeneti, 11 thupi limatha kupanga lokha, koma 9 tiyenera kuchokera m'chakudya. Thupi likamamanga mnofu, magazi kapena asilikali olimbana ndi matenda, limafuna tizidutswa tonseti pa mlingo woyenera. Kamodzi kakachepa, ntchito imaima pomwepo. Ana anga mukukumbukira chitsanzo changa cha njinga: mukakhala ndi mafelemu khumi ndi matayala makumi awiri koma matcheni atatu okha, njinga zoyenda zikhala zitatu basi. Zotsalazo thupi silisunga ngati mapuloteni, limangoziwotcha kuti lipeze mphamvu. Ndiye tikamanena za ubwino wa mapuloteni, tikunena zinthu ziwiri: kodi tizidutswa 9 tija tilimo mokwanira, nanga m'mimba mumatha kugaya zochuluka bwanji?

Apa ndi pamene chimanga chathu chimapunduka. Mapuloteni chili nawo, magalamu 8 kapena 9 pa magalamu 100 a ufa, koma ndi osauka pa tizidutswa tiwiri, lysine ndi tryptophan. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya zili ndi lysine wambiri koma zimaperewerako methionine, amene chimanga chili naye. Zikakumana, china chimakwirira dzenje la chinzake. Makolo athu amene ankadzala nyemba m'mizere ya chimanga sanamvepo za lysine, koma anaipeza nzeru imeneyi kalekale. Choncho nsima ya nyemba imene ana a ku bodingi amainyoza si chakudya choipa ayi. Vuto ndi mlingo wake.

Tsono tiyeni tiwerenge. Mu 2007 mabungwe a WHO ndi FAO pamodzi ndi United Nations University anatulutsa lipoti lonena kuti munthu wamkulu wathanzi amafunika magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti afunika pafupifupi magalamu 50. Achinyamata amene akukula amafunika ochulukirapo pang'ono, pafupifupi 0.9 pa kilogalamu. Mnyamata wanga uja tinene kuti amalemera makilogalamu 55, nayenso afunika pafupifupi magalamu 50 patsiku, ndipo mkati mwake muyenera kukhala lysine wokwana pafupifupi magalamu 1.8.

Tinene kuti pa phala la m'mawa ndi nsima ya masana ndi madzulo amadya ufa wokwana magalamu 400. Apeza mapuloteni pafupifupi magalamu 32. Poona nambala imeneyi munthu anganene kuti watsala pang'ono kukwanitsa. Koma lysine amene ali mu ufa wonsewo safika galamu imodzi, kutanthauza kuti wangopeza theka la zofunika. Kuti dzenjeli litsekeke, afunika nyemba zouma zokwana pafupifupi magalamu 60 patsiku, zimene zimapereka mapuloteni magalamu 13 ndi lysine woyandikira galamu imodzi. Ndipo popeza thupi siligaya mapuloteni a nyemba mokwanira ngati mmene limagayira a dzira, mkaka kapena nsomba, ndi bwino kupitirirako pang'ono.

Nditawerenga izi ndinapita kukacheza ndi ophika athu. Anandiuza kuti thumba la nyemba la makilogalamu 50 amauzidwa kuti lithe masiku asanu, ndipo odya ndi ana 300. Gawani nokha. Mwana aliyense akupeza magalamu 33 patsiku, theka la zimene akufunika. Kunena zoona thumba limenelo liyenera kutha tsiku lachitatu lisanathe. Ophika alibe mlandu, amathira madzi kuti aliyense alandire. Koma madzi samanga thupi. Ndipo nyembazo zikakhala zofumbwa, ndiye kuti anankafumbwe adyeratu gawo lawo.

Wina anena kuti ndikukokomeza, chifukwa sitinaonepo mwana wa sekondale atatupa miyendo. N'zoona, ndipo sindikufuna kuopseza anthu ndi zabodza. Matenda a kwashiorkor, amene dokotala Cicely Williams anawafotokoza mu 1933 akugwira ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, amagwira kwambiri ana aang'ono, ndipo masiku ano akatswiri amavomereza kuti gwero lake si kuchepa kwa mapuloteni kokha. Kafukufuku wa ana amapasa a kuno ku Malawi amene anasindikizidwa mu 2013 anaonetsa kuti tizilombo tokhala m'matumbo timatengapo mbali. Koma kusatupa sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Zaka za ku sekondale ndi nthawi imene mwana amakula mofulumira, minofu ndi mafupa zikumangidwa, ndipo atsikana ayamba kutaya magazi mwezi ndi mwezi. Nthawi imeneyi ikadutsa sibwereranso.

Ndipo mbiri ya dziko lathu ili ndi phunziro la zimene zimachitika anthu akadalira chimanga popanda chothandizira. Achikulire anzanga mukukumbukira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anadzaza m'maboma a Nsanje, Dedza, Ntcheu ndi ena. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa iwo anadwala pellagra, matenda amene khungu limakhakhala ngati lapsa m'malo owombedwa ndi dzuwa, munthu n'kumatsegula m'mimba, nthawi zina mpaka mutu kusokonezeka. Amayamba chifukwa chosowa vitamini wotchedwa niacin. Thupi limatha kumupanga kuchokera ku tryptophan, koma monga ndanena kale, chimanga chili ndi tryptophan wochepa, ndipo niacin wa m'chimanga ndi womangika moti thupi limalephera kumugwiritsa ntchito. Chimene chinachitika n'chakuti mtedza unasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira. Ufa ankalandirabe. Ankakhuta. Koma kanthu kakang'ono kamene kankaoneka ngati kongowonjezera katachoka, anthu anadwala.

Ndikudziwa yankho limene ndilandire ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi: ndalama palibe, fizi ndi yochepa, makolo ambiri amalipira mochedwa, ndipo nyemba zimakwera mtengo chaka chilichonse ikafika nyengo ya dzinja. Sindikukana. Nanenso ndakhalapo pa misonkhano imeneyi ndipo ndaona woyang'anira chuma cha sukulu akugwira m'mutu. Koma sindikupempha nyama ya ng'ombe tsiku lililonse. Pali njira zimene sizingatigwetse.

Yoyamba ndi soya. Pa magalamu 100 a soya wouma muli mapuloteni pafupifupi magalamu 36, pamene nyemba zili ndi 21 kapena 22. Soya wokwana magalamu 40 amagwira ntchito ya nyemba magalamu 60. Alimi a ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Lilongwe amalima soya wambiri, koma wambiri amagulitsidwa kukapanga chakudya cha nkhuku ndi mafuta ophikira, ana a alimi omwewo akumwa phala la ufa wokhawokha. Likuni Phala amene tonse timamudziwa si mankhwala achilendo, ndi chimanga chosakaniza ndi soya, pafupifupi magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya. Sukulu ingathe kukazinga soya wake n'kukagayitsa pamodzi ndi chimanga cha phala. Chofunika kukumbukira n'chakuti soya ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa bwinobwino, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni.

Yachiwiri ndi nsomba zing'onozing'ono. Usipa, bonya kapena matemba ouma, kupitirira theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo ndi apamwamba, okhala ndi tizidutswa tonse 9. Kadzanja kamodzi, magalamu 20, kamapereka lysine wofanana ndi wa nyemba magalamu 60 zija. Popeza timadya ndi mitu ndi minga yomwe, mafupa athu nawonso amapindula. Anzathu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amene amadya kondowole ayenera kusamala kwambiri pamenepa, chifukwa chinangwa chili ndi mapuloteni ochepetsetsa, galamu imodzi kapena awiri pa magalamu 100. Kondowole wopanda nsomba kapena nyemba ndi mphamvu yokha basi.

Yachitatu ndi ufa umene timasankha. Tikakonola chimanga, n'kuviika mphale kuti tipeze ufa woyera, timataya gaga pamodzi ndi kamtima ka njere, komwe kuli mapuloteni abwinoko ndi mavitamini. Zabwinozo timapatsa nkhumba, ife n'kunyadira kuyera kwa nsima. Mgaiwa suchotsa vuto la lysine, koma umaposa woyera. Pa nkhani ya mbewu, akatswiri awiri a ku CIMMYT ku Mexico, Evangelina Villegas ndi Surinder Vasal, analandira mphoto ya World Food Prize mu 2000 chifukwa chopanga chimanga chotchedwa Quality Protein Maize, chimene chili ndi lysine ndi tryptophan pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chimanga wamba. Aphunzitsi a Zaulimi, bwanji osafunsa alangizi a m'dera lanu za mbewu imeneyi ya munda wa sukulu?

Mtedza nawo usaiwalike. Lysine ulibe wambiri ngati soya, koma nsinjiro m'phala kapena m'masamba otendera zimawonjezera mapuloteni, mafuta ndi niacin uja. Ndiponso sikofunika kuti zonsezi zikumane m'mbale imodzi. Zikadyedwa tsiku lomwelo, thupi limaziphatikiza lokha.

Tsopano nditembenukire kwa inu ana anga amene muli ndi mabanja. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali okwinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, matenda, ukhondo, umphawi, koma chakudya chili pakati pake, makamaka kuyambira mwana ali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka ziwiri. Mayi woyembekezera m'miyezi itatu yomaliza amafunika mapuloteni owonjezera pafupifupi magalamu 30 patsiku, ndipo woyamwitsa pafupifupi 19 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Nanga m'nyumba mwanu nthuli yaikulu imapita m'mbale ya ndani? Ndikufunsa inu abambo, ndipo ndikudzifunsanso ndekha. Dzira limodzi lili ndi mapuloteni magalamu 6 apamwamba zedi. Kwa inu ndi kadyonkho chabe, koma kwa mwana wa zaka ziwiri ndi pafupifupi theka la zimene akufunika tsiku lonse. Zoti mayi woyembekezera akadya mazira mwana abadwa wopanda tsitsi, chonde afotokozereni agogo mwaulemu kuti si zoona. Ndipo inu amene muli m'tauni, mumandilembera kufunsa za mapuloteni a m'zitini ogulitsidwa kwa onyamula zitsulo, yambani mwawerenga zimene zili m'mbale mwanu. Ambiri a inu mazira, mkaka, nsomba ndi nyemba zikukwanirani, ndalama yotsalayo mutumize kumudzi.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi laling'ono. Sabata ino pitani kukhitchini ya sukulu yanu, funsani kuti thumba la nyemba limatha masiku angati ndi ana angati, ndipo mugawe. Kapena perekani funso limeneli kwa ana a Fomu 3 kuti awerenge okha, abweretse yankho pa bolodi. Ine ndachita kale, ndipo pepala langa ndikukalipereka pa msonkhano wa komiti Loweruka likubwerali. Ndikukapempha zinthu ziwiri zokha: soya m'phala la m'mawa, ndi bonya kawiri pa sabata. Ana akanyanyala chifukwa cha chakudya timathamangira kuwalanga, koma mwina tikanayamba kuwerenga ife sitikanafika kumeneko.

Mnyamata wanga uja ndinakumana naye dzulo akuchokera ku mpira. Ndinamuonetsa masamuwa, anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa ngati angawakopere mu kope lake kuti akaonetse mayi ake pa holide, chifukwa kwawo amalima soya koma amagulitsa yense. Ndinamupatsa pepalalo.

Mundiuze zimene mupeze ku sukulu zanu. Ndidzakuuzani mmene msonkhano wa Loweruka uyendere.