Mtengo wa mlombwa uli pa mtima

Sabata yatha mlamu wanga anandiimbira kuti ndikamuthandize kusankha tebulo lodyera kwa mmisiri wina kufupi ndi Ginnery Corner. Tebulolo linali lonyezimira, lofiirira bwino, ndipo wogulitsa ankangobwereza kuti, "Mlombwa weniweni uwu bwana." Nditagwada n'kusuzumira kunsi, komwe vanishi sanafike, ndinapeza kuti pafupifupi theka la matabwawo ndi loyera mbee. Sananame, unalidi mlombwa. Koma mtengo umene ankatchulawo ndi wa mlombwa wina.

Chipika cha mlombwa chili ndi magawo awiri. M'kati muli mtima, wofiirira ngati uchi, nthawi zina wamizere yakuda. Kunja, pansi pa khungwa, kuli gawo loyera lomwe linkanyamula madzi mtengowo uli moyo. Mbiri yonse imene mumamva, yakuti mlombwa sudyedwa chiswe, sufumbwa, ndi ya mtimawo. Gawo loyera lili ndi chakudya chimene tizilombo timakonda, ndipo posakhalitsa mumayamba kusesa kaufa pansi pa tebulo m'mawa uliwonse. Ocheka matabwa salitaya chifukwa zipika za masiku ano n'zazing'ono, ndiye mmisiri amangolipaka mankhwala ofiiritsa kuti lifanane ndi linzake.

Ine ndikuti ogulitsa azitchula mitengo iwiri: wa thabwa la mtima wokhawokha, ndi wa thabwa losakanikira. Pa chimanga ndi fodya timatero kale. N'chifukwa chiyani pa matabwa tizigula ngati mphaka m'thumba?

Mtima wa mlombwa ndi woyeneradi ndalama zambiri. Ukauma sufota kwenikweni, ndipo mvula ikagwa sufufuma. Chitseko chake chimatsekeka mu Januwale monga momwe chimatsekekera mu Okutobala, pomwe cha bulugama wosauma bwino chimapindika kapena kung'aluka. Komanso mtengowu ndi wochedwa kukula. Mbande yake imatha zaka zingapo ikuuma kumtunda chilimwe chilichonse n'kuphukanso, ndipo kuti ufike pochekeka pamadutsa zaka makumi ambiri.

Mukapita kukagula, musachite manyazi kugwada. Onani kunsi kwa tebulo, kuseri kwa kabati, pamwamba pa chitseko. Pemphani mmisiri apale pang'ono pobisika: mtima ndi wofiirira mpaka m'kati, wopakidwa umayera pompo. Yang'anitsitsaninso kumapeto kwa thabwa, kumene macheka anadula. Mlombwa ndi mbawa zili ndi timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi singano, pomwe paini ali ndi mizere chabe yotsatizana, yowala ndi yodera, ndipo chikhadabo chimalowa mosavuta. Mbawa nayo musaisokoneze ndi mlombwa. Ndi yopepukirapo, yofiira motuwira ikangochekedwa, ndipo mitsempha yake imapingasana, n'chifukwa chake imavuta kupala koma imaoneka ngati nsalu ya mizere. M'nyumba ndi yabwino zedi, koma pa chiswe siifika pa mlombwa.

Kwa amisiri ndi ogulitsa, nkhani ya mapepala musaitenge mwachibwana. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakwera. Pa msonkhano wa CITES ku Panama mu Novembala 2022, mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zinalowa m'gulu la mitengo yofuna chilolezo pooloka malire, kutsatira mukula umene unalowa mu 2019. Choncho amene akukuuzani kuti matabwa ake achokera ku Mozambique, akuonetseni zikalata, chifukwa akagwidwa ali m'shedi mwanu, mlandu ndi wanu.

Mlamu wanga tebulo lija anagulabe, koma atatsitsa mtengo ndithu, ndipo mmisiri anavomera kusintha miyendo iwiri imene inali yoyera yokhayokha.