Ku Joni si pafupi, anzanga

Sabata yatha pa nthawi ya buleki ndinamva mnzathu wina wa Fomu 3 akuuza anzake kuti, "Sukuluyi ikungonditayitsa nthawi. Ku Joni ndi pafupi, maola awiri basi wafika." Anzakewo anangovomera kuti, "Eeh, zoona zimenezo!" Tsiku limenelo ndinakhala chete, koma lero ndiyankha pakhoma pano.

Masamu akewo sanalakwe kwenikweni. Kuchoka pabwalo la ndege la Chileka kukafika pa OR Tambo ku Johannesburg ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imauluka maola awiri ndi mphindi zingapo. Ngakhale wotchi simusintha, chifukwa nthawi ya kuno ndi ya kumeneko ndi imodzi. Koma tandiuzani: mwa abale athu amene ali ku Joni, ndi angati anakwerapo ndegeyo?

Ambiri amakwera basi ku Wenela. Imatulukira pachipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, mpaka pa Beitbridge. Pamsewu ndi makilomita pafupifupi 1,700, ndipo pali malire atatu. Pa malire aliwonse mumatsika n'kuima pamzere ndi pasipoti m'manja. Ulendo umatha tsiku ndi theka kapena masiku awiri, ngati basi sinafe panjira.

Izi sindinazimve kwa anthu. Agogo anga atamwalira ku Bangwe chaka chatha, tinaimbira foni achimwene anga omwe amagwira ntchito kumeneko. Anafunsa mtengo wa ndege, ndipo ndalama zawo sizinakwane n'komwe. Anakwera basi. Maliro sakanadikira, ndiye atafika anangoonetsedwa mtumbira. Agogowo ndi amene anawalera. Usiku womwewo anandiuza kuti, "Mphwanga, mtunda umakula munthu ukakhala ulibe ndalama."

Palinso nkhani ya mapepala. Mmalawi akalowa mu South Africa ndi pasipoti amapatsidwa masiku 30 ochezera basi, osati chilolezo chogwira ntchito. Akapitirira masikuwo amayamba kuyenda mozemba apolisi, ndipo ena amakathera ku Lindela, komwe amasunga anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Mu 2015, ziwawa zodana ndi alendo zitabuka, boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi. Zimenezi pa WhatsApp sationetsa ayi, timangoona jekete ndi nsapato zatsopano.

Wina ati, "Nanga ntchito ili kuti kuno? A MSCE omwewo si ali mbwee mu Limbe kugulitsa mayunitsi?" Ndikuvomera, zinthu n'zovuta, ndipo ndalama za ku Joni zamangitsa nyumba komanso zalipirira ena a ife fizi. Sindikunyoza opitawo. Ndikungoti amene wapita ndi satifiketi ndi luso la manja, kaya umakaniki kaya zamagetsi, ali ndi poyambira kumeneko, ndipo zikavuta ali ndi pobwerera kuno. Wothawa Fomu 3 abwerera ndi chiyani?

Safunsa anadya phula. Musananyamuke, funsani amene anayendapo ulendowu kuti unawatengera masiku angati, ndiponso akuuzeni zimene anakumana nazo pa Beitbridge. Joni sithawa, anzanga. Tiyeni tiyambe talemba mayeso.

Wophunzira wa Fomu 4